Matakisi ataima ku Cape Town, sitiraka inali ya yani?

Masana a Lachinayi pa 3 Ogasiti 2023, atsogoleri a bungwe la eni matakisi la SANTACO m'chigawo cha Western Cape ku South Africa anatuluka mumsonkhano ku Khayelitsha n'kulengeza kuti galimoto zawo zonse zichoke pamsewu nthawi yomweyo. Takisi ya ku Joni ndi chimene ife timachitchula kuti minibasi, ndipo matakisi amenewa ndiwo anali atabweretsa anthu ambiri m'tauni m'mawa wa tsikulo. Nthawi yoweruka itakwana, anthu zikwizikwi anapeza masiteji ali pululu. Amene analephera kudzipanikiza m'mabasi ndi m'sitima zochepa zimene zinalipo anauyamba wapansi m'mbali mwa msewu waukulu wa N2 kulowera ku Langa, Nyanga, Gugulethu ndi Khayelitsha, ena mtunda wa makilomita pafupifupi 30, mumdima komanso m'chisanu cha nyengo yozizira. Amalawi ambiri anali ndi maso pa mzindawu sabata imeneyo chifukwa timu ya Queens inali komweko pa mpikisano wa dziko lonse wa ntchemberembaye, koma kwa abale athu amene amagwira ntchito m'makomo, m'malesitilanti ndi m'malo othirira mafuta a mu Cape Town, nkhani yaikulu inali ya mmene afikire kunyumba.

Matakisi anakhala osayenda kwa masiku 8. M'masiku amenewo anthu asanu anaphedwa, kuphatikizapo wachitetezo wa khonsolo ya mzindawu ndi dokotala wa ku Britain amene anali atabwera kudzacheza. Mabasi a kampani ya Golden Arrow anatenthedwa, misewu inatchingidwa ndi miyala ndi matayala oyaka, zipatala zing'onozing'ono zina zinatsekedwa, ndipo Lolemba pa 7 Ogasiti ana oposa 450,000 analephera kupita kusukulu. Mawailesi ndi nyuzipepala zonse zinkati imeneyi ndi sitiraka, ndipo monga zimakhalira nthawi zotere, panamveka mawu akuti anthu a zamtengatenga apatsidwa ufulu wonyanyira umene uyenera kuchepetsedwa. Vuto la mawu amenewa ndi lakuti zimene zinachitika mu Ogasiti 2023 sizinali sitiraka m'maso mwa malamulo a zantchito a dzikolo, moti ngakhale ufulu wa mabungwe a apantchito ukanachepetsedwa chotani, matakisi akanaimabe pa ola lomwe lija.

Kuti zimenezi zimveke, m'pofunika kuona kaye chimene lamulo limatcha kunyanyala ntchito. Gawo 23 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa, amene anakhazikitsidwa mu 1996, limapatsa wantchito aliyense ufulu wolowa bungwe la apantchito komanso wonyanyala ntchito. Ufuluwu unabwera movutikira. Mu 1973 antchito akuda a m'mafakitale a ku Durban ananyanyala ntchito mwaunyinji pa nthawi imene mabungwe awo sankavomerezeka n'komwe, boma la tsankho linayamba kuwavomereza mu 1979, ndipo chitaganya cha mabungwewa, COSATU, chimene chinabadwa mu 1985, chinali m'gulu la amene anagwetsa ulamuliro wa tsankho. N'chifukwa chake ku South Africa kulankhula zochepetsa ufulu wa sitiraka kumakhudza zilonda zakale. Mawu akuti "wantchito aliyense" nawonso ndi olemera kwa alendo, pakuti mu 2008 khoti la zantchito linagamula kuti ngakhale mlendo amene chiphaso chake chogwirira ntchito chatha amatetezedwabe ngati wantchito.

Komabe lamulo la Labour Relations Act la 1995 silinasiye ufuluwu wopanda malire. Limanena kuti sitiraka ndi kukana ntchito kwa anthu olembedwa ntchito pofuna kuthetsa mkangano wa pakati pa iwo ndi owalemba ntchito, ndipo limaika ndondomeko imene iyenera kutsatidwa. Mkangano umayamba wapita kwa mkhalapakati, kaya ku CCMA, bungwe loyanjanitsa antchito ndi owalemba ntchito, kapena ku khonsolo yokambirana za malipiro ya ntchito ya mtunduwo. Mkhalapakati akalephera n'kupereka chikalata chotsimikiza kuti zakanika, kapena pakadutsa masiku 30, bungwe la apantchito limapereka chidziwitso cholembedwa kwa mabwana maola 48 sitiraka isanayambe, ndipo ngati wolemba ntchito ndi boma, chidziwitsocho chimakhala cha masiku 7. Sitiraka yodzera m'njira imeneyi imakhala yotetezedwa, kutanthauza kuti bwana sangachotse munthu ntchito chifukwa chonyanyala, koma sakakamizidwanso kumulipira masiku amene sanagwire ntchito. Mabwana nawo ali ndi chida chawo, chomwe ndi kutseka zipata kuti antchito asalowe mpaka avomere zimene apatsidwa. Kuyambira mu Januwale 2019 anawonjezerapo kuti pazikhala malamulo ogwirizana a mmene onyanyala aziimira pazipata za kampani.

Chitsanzo cha sitiraka yeniyeni ya mtundu umenewu ndi ya mabasi ya mu 2018. Inayamba pa 18 Epulo m'dziko lonse, mabungwe asanu a apantchito, kuphatikizapo SATAWU ndi NUMSA, atalephera kumvana ndi makampani ku khonsolo yokambirana za malipiro a ntchito za mabasi. Antchito ankafuna kuti malipiro akwere ndi 12 peresenti pamene makampani anayambira pa 7 peresenti, koma panali zinanso zimene munthu wokwera basi saziganizira kawirikawiri. Basi ya ulendo wautali imakhala ndi madalaivala awiri osinthana, ndipo funso linali lakuti maola amene dalaivala wachiwiri wakhala m'basimo asanagwire chiwongolero awerengedwe ngati ntchito kapena ayi. Panalinso mkangano wa nthawi imene ntchito ya usiku imayambira ndi kuthera. Mabasi a Putco, Golden Arrow, MyCiTi ya ku Cape Town ndi Rea Vaya ya ku Johannesburg anaima pafupifupi masabata anayi, nduna ya zantchito Mildred Oliphant ndi ya zamtengatenga Blade Nzimande zinalowererapo, ndipo pakati pa mwezi wa Meyi anagwirizana zokweza ndi 9 peresenti chaka choyamba ndi 8 peresenti chaka chachiwiri.

Okwera mabasi anavutika kwambiri m'masabata amenewo. Ambiri amagula matikiti a sabata kapena a mwezi chifukwa ndi otsikirako mtengo, boma likuthandizirapo, ndipo mabasi ataima anayenera kupeza ndalama ina ya takisi tsiku ndi tsiku n'kuima pamizere italiitali kuyambira m'bandakucha. Koma tsiku loyamba la sitiraka linkadziwika lisanafike, palibe amene anabweretsedwa m'tauni m'mawa n'kusiyidwa komweko madzulo popanda chenjezo, ndipo onyanyalawo nawo ankamva kuwawa m'thumba. Dalaivala amene wataya malipiro a pafupifupi mwezi wathunthu kuti awonjezere maperesenti awiri pa zimene anapatsidwa poyamba amatenga zaka kuti abweze chimene anataya. Kusalipidwa kumeneku ndiko chingwe chimene chimakokera sitiraka kumapeto ake, ndipo atsogoleri a mabungwe amadziwa kuti sabata yachinayi ikafika, nyumba za mamembala awo zimakhala zitayamba kulankhula. Pa nkhani ya ziwawa, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2012 kuti bungwe la SATAWU likhoza kulipitsidwa pa katundu amene anawonongeka pa zionetsero zimene linakonza mu Cape Town mu 2006, pa nthawi ya sitiraka ya alonda. Choncho bungwe la apantchito limayenda lili ndi zingwe zambiri m'khosi.

SANTACO si bungwe la apantchito. Linakhazikitsidwa mu 2001 ngati ambulera ya mabungwe a eni matakisi, ndipo mkangano wake wa mu 2023 sunali ndi bwana aliyense koma ndi khonsolo ya mzinda wa Cape Town. Pamenepa panalibe wantchito wokangana ndi womulemba ntchito, kotero panalibe chopita nacho ku CCMA, panalibe masiku 30 odikira, panalibenso maola 48 a chenjezo. Anali amalonda amene aganiza zotseka malonda awo pofuna kukakamiza boma, ndipo malondawo ndi amene amanyamula anthu ambiri kupambana njira ina iliyonse. Kafukufuku wa boma wa kayendedwe ka anthu wa mu 2020 anapeza kuti mwa antchito 10 alionse amene amadalira zoyendera za anthu onse popita kuntchito, pafupifupi 8 amakwera takisi.

Gwero la mkanganowo linali kulandidwa kwa galimoto. Apolisi apamsewu a khonsolo ankalanda matakisi ambirimbiri mwezi uliwonse n'kukawatsekera kumalo osungira galimoto zolandidwa mpaka mwini wake atalipira chindapusa. Khonsolo, motsogozedwa ndi mfumu ya mzinda Geordin Hill-Lewis ndi mkulu wa zachitetezo JP Smith, inkati ikutsatira lamulo la dziko la National Land Transport Act la 2009, limene limalola kulanda galimoto yoyenda popanda chiphaso kapena yophwanya zimene chiphaso chake chikunena. Eni matakisi ankati akulangidwa pa zolakwa za madalaivala, monga kudutsa maloboti ofiira kapena kuyenda m'mphepete mwa msewu, zimene woyendetsa galimoto wina aliyense amangolipira chindapusa osalandidwa galimoto. Ankadandaulanso kuti ziphaso zoyendera zimachedwa kutuluka m'maofesi a boma lomwelo limene likuwalanda galimoto chifukwa chosowa ziphaso. Pa 1 Ogasiti apolisi ndi madalaivala analimbana pa siteji yaikulu ya pamwamba pa siteshoni ya sitima m'kati mwa mzinda, ndipo ziwawa zitayamba Smith ananena kuti pa galimoto iliyonse yotenthedwa kapena kuphwanyidwa alanda matakisi 25. Ndale nazo zinalowa, pakuti mzinda ndi chigawo zili m'manja mwa chipani cha DA pamene nduna ya zamtengatenga ya nthawiyo, Sindisiwe Chikunga, inali ya ANC, ndipo ndunayi inalamula kuti matakisi ena amasulidwe, khonsolo n'kukana.

Ine ndikuona kuti mbali zonse zinali ndi mfundo yogwira mtima. Aliyense amene anakwerapo takisi yothamanga m'mphepete mwa N2 nthawi ya m'mawa sangatsutse zoti pamsewu payenera kukhala mwambo, ndipo mwini galimoto amene akubwezabe ngongole ya ku banki mwezi ndi mwezi sanganamizidwe kuti kulandidwa galimoto ndi chilango chaching'ono. Chimene chinasowa m'makangano onsewa ndi funso lakuti dalaivala amathamangiranji. Madalaivala ambiri a matakisi, monganso anzawo a maminibasi a ku Limbe kapena ku Lilongwe, amagwira ntchito popanda kalata ya mgwirizano. Ena amapatsidwa mlingo wa ndalama yoti apereke kwa bwana madzulo, yotsalayo n'kukhala yawo, ndipo ena amalandira gawo la zimene apeza pa sabata. Munthu wolipidwa motere amawerenga maulendo, ndipo loboti yofiira iliyonse imamudyera ndalama. Boma linaika malipiro ochepetsetsa ndi maola a ntchito za m'matakisi kuyambira mu 2005, koma kutsatidwa kwake n'kofooka ndipo madalaivala amene ali m'mabungwe a apantchito ndi ochepa. M'masiku 8 aja dalaivala ndi kondakitala wake, amene ku Cape Town amamutcha gaatjie, sanavote kuti anyanyale, sanali ndi dandaulo lawolawo patebulo, koma anagona ndi njala limodzi ndi okwera. Ndiye kuti mu ntchito imene imanyamula anthu ambiri chotere, ufulu wa apantchito ndi wopereweratu, pamene anthu ankadandaula kuti wachuluka.

Mphamvu imene eni matakisi ali nayo pa mzinda inachokera m'mbiri ya mzindawo. Lamulo la Group Areas Act la 1950 linagawa malo okhala potengera khungu, anthu anasamutsidwa m'madera a pafupi ndi tauni monga District Six, imene inalengezedwa kuti ndi ya azungu okha mu 1966, n'kukatayidwa kumchenga wa Cape Flats. Khayelitsha inayamba kumangidwa mu 1983 kutali ndi kumene kuli ntchito. Matakisi anakula potseka mpata umene mabasi ndi sitima zinasiya, makamaka boma litamasula malondawa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo anakula akudzilamulira okha, nthawi zina ndi mfuti, monga zinaonekera mu 2021 pamene mabungwe a eni matakisi a CATA ndi CODETA analimbirana msewu wa pakati pa Paarl ndi Bellville. Sitima za Metrorail, zimene kale zinali msana wa kayendedwe ka anthu osauka mu Cape Town, zinali zitalowa pansi chifukwa cha kubedwa kwa mawaya ndi kutenthedwa kwa mabogi, ndipo njanji yopita ku Khayelitsha ndi Mitchells Plain inatsekedwa chakumapeto kwa 2019, anthu n'kumanga zisakasa pamwamba pa njanjiyo ku Langa ndi ku Philippi. Mu 2018 mabasi ataima, matakisi anameza okwera ake ngakhale movutikira. Mu 2023 matakisi ataima, panalibe chokwanira kumeza okwera ake, ndipo mabasi amene anayesa kutero anagendedwa ndi kutenthedwa mpaka kampani ya Golden Arrow inakatenga chiletso kukhoti.

Nthawi iliyonse sitiraka ya zoyendera ikachitika, pamabuka ganizo lakuti mabasi ndi sitima ziikidwe m'gulu la ntchito zimene siziloledwa kuima. Lamulo la ku South Africa lili nalo gulu limeneli, ndipo pali komiti yapadera imene imagamula ntchito zolowamo, koma muyeso wake ndi wakuti kuima kwa ntchitoyo kuike pachiswe moyo, chitetezo kapena thanzi la anthu. Apolisi, ogwira ntchito m'zipatala za boma ndi owongolera ndege zili mumlengalenga ali m'gululi ndipo mikangano yawo imagamulidwa ndi woweruza wapadera m'malo mwa sitiraka. Bungwe la zantchito la dziko lonse la ILO nalonso limati kuyenda kwa mabasi ndi sitima za m'mizinda, ngakhale n'kofunika, sikufika pa muyeso umenewu, koma limavomereza kuti pakhoza kukhala mgwirizano woti zoyendera zochepa zizigwirabe ntchito pa nthawi ya sitiraka. Dziko la Britain linayesa kukakamiza zimenezi ndi lamulo mu 2023, masitiraka a sitima atachuluka, koma makampani a sitima sanaligwiritse ntchito. Kampani ya sitima ya LNER itaonetsa chidwi choligwiritsa ntchito mu Januwale 2024, bungwe la madalaivala a sitima la ASLEF linalengeza masiku ena asanu a sitiraka ndipo kampaniyo inabwerera m'mbuyo. Chovuta china n'chakuti basi imodzi pa malo a mabasi asanu nthawi ya m'mawa imabweretsa kupondana pasiteji, kotero kuti theka la ntchito nthawi zina limaopsa kuposa kuima kwenikweni.

Wokwera sakhala pa tebulo lililonse mwa matebulo amenewa. Ku khonsolo yokambirana za malipiro kumakhala makampani ndi mabungwe a apantchito, ku komiti ya matakisi kumakhala eni galimoto, khonsolo ya mzinda ndi boma la chigawo, ndipo mayi wochapa zovala ku Sea Point amene amakhala ku Philippi amangomva zotsatira pa wailesi kapena pa WhatsApp. Lamulo silikakamiza bwana wake kumulipira tsiku limene sanafike kuntchito, ngakhale chifukwa chake chili chodziwika kwa aliyense. Amene ali pa ntchito yokhazikika akhoza kudula masiku a tchuthi kapena kugwira ntchito ali kunyumba pa kompyuta, koma wamaganyu amene amalipidwa pa tsiku, monga alili alendo ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe, tsiku lotayika ndi ndalama ya lendi yotayika, ndiponso ndalama imene sidzatumizidwa kumudzi mwezi umenewo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo n'chifukwa chake anthu ena ankanyamuka usiku wapansi kudutsa m'misewu yotchingidwa, podziwa kuti bwana akapeza wina sabata yamawa. Mbiri ya dzikolo ili ndi nthawi imodzi yotchuka pamene okwera anapeza mawu awo. Mu Januwale 1957 kampani ya Putco itakweza mtengo wa basi ya ku Alexandra ndi kobiri limodzi, anthu anakana kukwera n'kumayenda wapansi kupita ku Johannesburg ndi kubwerera kwa miyezi pafupifupi itatu akunena kuti "Azikwelwa", kutanthauza kuti mabasiwo sakwereka, ndipo mtengo unabwerera pakale. Komatu iwo anasankha okha kuyenda, pamene a mu Ogasiti 2023 anasankhiridwa.

Matakisi anabwerera pamsewu pa 11 Ogasiti, mgwirizano utalengezedwa madzulo a dzulo lake. Mbali zonse zinavomereza kuti komiti ya matakisi ikhale pansi kwa masiku 14 kulemba mndandanda wa zolakwa zazikulu zoyenera kuti galimoto ilandidwe ndi zolakwa zing'onozing'ono zongolipira chindapusa. Anagwirizananso kuti mkangano ukabuka uziyamba wakwezedwa kwa akuluakulu, monga mfumu ya mzinda ndi mkulu wa chigawo Alan Winde, galimoto zisanachotsedwe pamsewu. Ndipo SANTACO inalonjeza kuti sidzaimitsanso matakisi pakati pa tsiku la ntchito, komanso kuti izipereka chenjezo la maola 36. Mkhalapakati woyamba, chenjezo pambuyo pake, kuima kukhale kotsiriza: iyi ndi ndondomeko yomwe ija imene madalaivala a mabasi akhala akuitsatira mwalamulo kuyambira m'ma 1990, kungoti ya eni matakisi ndi yofupika ndi maola 12, ndi ya chigawo chimodzi chokha, ndipo mu mgwirizano wonsewo mulibe ndime yonena za malipiro kapena maola a ntchito a dalaivala.